Uta wa a Mbewe

Loweruka lapitali tinasonkhana kunyumba kwa Dalitso ku Midland kukumbukira bambo ake, a Mbewe, amene anatisiya chaka chatha nyengo ngati yomwe ino. Mapemphero atatha, azimayi akutolera mbale, ndinamva Mayi Zulu akunong'oneza mnzawo pafupi ndi sinki. Mayi Zulu ndi a ku Chipata, ndipo nkhani iliyonse ya anthu a ku Malawi ndi ku Zambia okhala kuno ku Perth imayamba yamwa tiyi pakhomo pawo isanapitirize ulendo.

"Ba Mbewe benze muntu wabwino, inde," anatero. "Koma imwe, benze na vao. Ise tinaona vidiyo."

Ine ndinali pomwepo, tiyi ali m'manja. Akale anati mlandu suola, koma ine ndaona kuti bodza ndiye limakhalitsa kuposa mlandu. Ndine nkhoswe wa banja la Dalitso ndi mkazi wake Esinati, ndipo nkhani ya vidiyo imeneyo inafikira pamutu panga. Inatsala pang'ono kuwatulutsa madala aja m'nyumba ya mwana wawo atasenza dzina loti mfiti. Ndiye ndilemba zimene ndinaona ndi maso anga, aliyense atsegule katunduyu yekha n'kudzionera, monga momwe eni akewo akanafunira.

A Mbewe anagwira ntchito ya kasitomu pa boda ya Mchinji mpaka tsiku lopuma. Ntchito inapuma, maso sanapume. Kumbali tinkawatchula kuti a Chipikisheni, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa, chifukwa zowadutsa zinali zochepa. Ine ndimagwira ntchito kumsika waukulu wa zakumunda ku Canning Vale, ndiye nthawi zina ndinkawatengera mapeyala otsala. Ankawatulutsa m'katoni limodzilimodzi, kulifinya, kulinunkhiza, kenako kusuzumira pansi pa katoni yopanda kanthu. Akamaliza ankafunsa ngati bwana wanga akudziwa. Zikomo ankabwera pomaliza penipeni, mapeyala atakhoza mayeso.

Ankakonda kunena kuti dalaivala amene akumwetulira kwambiri pa boda ndi amene uyenera kumutsegulitsa buti, ndiponso kuti chinthu chaulere chimakhala ndi mwini wake amene wabisala penapake. Khadi lokwerera sitima sankalikonda chifukwa ankati pali wina amene akuwerenga kumene iwo akupita. Mzungu woyandikana nawo nyumba atawapatsa mandimu a mumtengo mwake, anawayala pazenera osawadya, kudikira kuti mwini wake abwere ndi pempho. Pempho silinabwere, ndipo a Mbewe anati ameneyo ndiye wochenjera kwambiri.

A Mbewe anabwera kuno mayi a Dalitso atamwalira, akutsimphina kale. Nyengo ya mvula yozizira ya kuno, cha mu Juni ndi Julayi, mawondo ankatupa, ndipo kudzuka pampando inali ntchito yoyamba ndi kubuula. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere si ululuwo. Esinati amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo akaweruka ankamufotokozera mwamuna wake kukhitchini za agogo achizungu amene ana awo sabwera kudzawaona. A Mbewe ankamva zonsezo ali kuchipinda, n'kumaphatikiza okha. Dalitso atakhoma chitsulo chogwirira kubafa, iwo anandiuza kuti umenewo ndi umboni woyamba. Atawagulira ndodo, anati wachiwiri. Ndodoyo anakaiponya m'shedi kuseri kwa makina otchetchera kapinga.

"Ankhoswe, ine ndaziona izi," anandiuza. "Munthu sakuthamangitsa tsiku limodzi. Amayamba wakusonyeza kuti sungathe."

"Bambo, anawa akungofuna kuti musagwe."

"Ndi zomwezo. Mawa adzati malo osagwa akuwadziwa."

Wina angafunse kuti bwanji sanangokhala pansi ndi Esinati n'kumufunsa. Wofunsa choncho sanakulire kwathu. A Mbewe anali a chipongozi chakale chenicheni, ndipo Esinati, mwana wa ku Dowa, analeredwa chimodzimodzi. Sankadyera tebulo limodzi. Dzina la mtengwa wawo silinkatuluka pakamwa pawo, ankangoti amayi a nyumba ino. Akamva mapazi ake m'kolido ankabwerera kuchipinda mpaka adutse. Iyenso akaweruka ankamanga chitenje pamwamba pa thalauzi la yunifolomu asanatsike m'galimoto, ndipo moni ankapereka atagwada pakhomo, maso ali kumbali. Ulemu unalipo wodzaza nyumba, koma anthu awiriwo sankadziwana. Mkazi amene tsiku lonse amasambitsa ndi kunyamula madala a eni ake sankatha kufunsa apongozi ake kuti bondo lagona bwanji popanda kudzera mwa Dalitso. Tsono kandimverere anakanena za m'maluwa. Dalitso amalawirira kuntchito yake ya zamagetsi ku Malaga n'kubwerako atatopa, ndipo uthenga wambiri unkathera m'thumba mwake.

Kuchipatala ndinawaperekeza ndine. Dokotala anationetsa chithunzi cha ekisileyi n'kunena kuti ndi nyamakazi ya ukalamba. Kamnofu kofewa kotchinga mafupa a m'bondo kanali katadyeka, zimene kwathu timati madzi a m'mawondo atha. Anati chobwezeretsa palibe, koma mankhwala opha ululu, kuchepetsa thupi ndi mafizo zingathandize, opaleshoni ikhale yomaliza. Mtsikana wophunzitsa mafizo ndiye anatchula za masewero a Chitchaina oyenda pang'onopang'ono, amene okalamba amachita m'holo ina pafupi ndi siteshoni, osalipira. Pa liwu loti osalipira a Mbewe anandiyang'ana.

"Mumufunse kuti wophunzitsayo amadya chiyani," anatero m'Chichewa, chikhalirecho Chingerezi ankachidziwa kundiposa.

Mtsikanayo anaseka n'kunena kuti mphunzitsiyo ndi mayi wopuma pantchito amene amangodzipereka. A Mbewe anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza kale fodya m'tayala la sipeya. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, anaima pakati pa anthu pamalo oimika magalimoto n'kulengeza kuti achipatala akufuna kuwalowetsa chipembedzo cha Matchaina kudzera pakhomo la mafizo. Anati iwo anabatizidwa kale, sangakagwadire mphepo. Mayi Zulu anavomera ndi ameni wamphamvu. Tsiku limenelo madala anadzitsekera okha chitseko, kungoti sitinadziwe.

Ndinene pano kuti m'zaka zawo zomaliza a Mbewe ankayenda wapansi kuchoka kunyumba mpaka kusiteshoni, opanda ndodo, akukankha mdzukulu wawo Tadala m'kangolo ka ana. Kaya anali masewero aja, kaya mapiritsi, kaya makani basi, ine sindikudziwa, ndipo amene anakhala pafupi ndi a Chipikisheni savomera msanga. Dokotala anati mafupa ali momwe analili, yalimba ndi minofu ya ntchafu. Mvula ikagwa ankabuulabe. Koma ankadzuka okha pampando, ndipo kwa iwo imeneyo ndiye inali nkhani yonse. Anthu ambiri anakuona kuyendako, ndipo ena mwa iwo mpaka lero amatsinzinirana diso n'kumati mawondo a nkhalamba sachira okha.

Tibwerere ku vidiyo. Panali patapita miyezi ingapo chilengezereni kutchalitchi kuja. Esinati anali woyembekezera, atapita padera kawiri m'mbuyomo, ndipo aliyense m'nyumbamo ankayenda monyang'ama. Tsiku lina ndikuweruka shifiti, ndinapeza Dalitso atatsamira galimoto yanga pamsika, nkhope ili yakugwa. Anandipatsa foni.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kamera imene Dalitso anaika pansi pa denga akuba atavuta m'deralo. Madala ankadziwa ya kumaso, ndipo ankaidutsa atatembenuza nkhope, koma ya kuseriyi inawaphonya. Mu vidiyomo kunali kutangoyera. A Mbewe anatulukira atavala vesiti ndi kabudula, opanda nsapato, n'kukaima pa chitseko chagalasi cha chipinda chogona cha Dalitso ndi Esinati, makatani ake ali otseka. Anakweza manja onse kumwamba pang'onopang'ono ngati akusenza chinthu chosaoneka. Kenako anaima chammbali, kutang'adza miyendo, kutsika ngati akukhala pampando pamene palibe mpando, n'kukoka uta wopanda chingwe, chala chikuloza chitseko chomwecho. Atatero anakunga zibakera, kutong'ola maso, n'kumaponya nkhonya pang'onopang'ono kulunjika kumene mayi woyembekezera anagona. Anamaliza ndi kunyanyamphira n'kumenyetsa zidendene pansi, kenako analowa m'nyumba mwakachetechete.

Sindinama, nanenso ndinaopa. Ndinakulira ku Ntchisi, ndipo kwathu munthu wamkulu wovina yekha mbandakucha pakhomo la chipinda cha mnzake ali ndi dzina limodzi lokha.

"Si tsiku limodzi, ankhoswe," anatero Dalitso. "Ndatcheka za masiku am'mbuyo, ndi tsiku lililonse. Esinati wanena kuti mwina adadi achoke, apo ayi iye akakhala kwa mnzake mpaka mwana abadwe."

"Iweyo ukuti bwanji?"

"Ndi bambo anga. Koma tataya kale kawiri." Anapukuta kumaso. "Ndafunsa za tikiti ya ndege yobwerera kumudzi. Ndafunsanso kuntchito kwa Esinati ngati kuli malo."

Esinati anali atatumiza vidiyoyo kwa mnzake mmodzi yekha kuti amuthandize kupemphera. Pofika madzulo inali m'mafoni a mpingo wonse, ndipo mayi ake ku Dowa anali ataimba kale kulamula kuti munthuyo atuluke mwana asanabadwe. Ena amamunena Esinati kuti munthu wosamalira okalamba analephera bwanji kuzindikira mafizo. Ine sindimunena. Kuntchito kwake agogo amatambasula manja atakhala pamipando, masana, nyimbo ikulira. Mayi amene wataya kawiri akaona chibakera chikuloza pamene wagona, mafizo sabwera m'mutu mwake.

Tinakhala pabalaza tsiku lotsatira, ine, Dalitso ndi madala. Esinati anali kukhitchini, chitseko chili chotsegula pang'ono. Ndinaizungulira nkhaniyo monga ankhoswe amachitira, za mtendere wa m'banja, za mitima ya amayi oyembekezera, mpaka a Mbewe anatambasula dzanja kuti ndiwapatse foni. Anaonera vidiyo yonse, n'kuibwereza.

"Kamera imeneyi ili pati?" Limeneli ndilo linali funso lawo loyamba.

Dalitso anawauza. Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti kuphonya kamerayo kwawapweteka pakokha.

"Ndiye mwapeza chiyani, ankhoswe?"

"Bambo, anthu achita mantha. Sakumvetsa."

"Tchulani liwu lake. Mwabwera nalo, musabwerere nalo."

Ndinayang'ana pansi. Dalitso naye chimodzimodzi.

"Mfiti," anatchula okha, motsitsa mawu. "Dalitso, ndi iwe yemwe?"

Madala anadzuka osagwira mkono wa mpando, chinthu chimene ndinachikumbukira pambuyo pake. Anati pa boda sankaweruza katundu asanamutsegule, ngakhale mwini wake akhale ndi nkhope ya mbava. Anatiuza kuti Lachiwiri m'mawa tonse awiri tibwere ndi galimoto. Madzulo omwewo anatsitsa sutikesi yawo pamwamba pa wadilopu, kulongedza, n'kuiimika pakhomo la chipinda chawo pamene aliyense wodutsa m'kolido ankaiona.

Lachiwiri anatilondolera njira mpaka kuholo kuja kwa pafupi ndi siteshoni. Mkatimo munadzaza okalamba, azungu, Matchaina, Amwenye, ena ndodo zawo zitatsamira khoma. Khoma lina lonse linali galasi kuchokera pansi mpaka kudenga. Mayi wamfupi wa imvi, Mayi Wong, anawalonjera a Mbewe ndi dzina n'kuwalozera malo awo a nthawi zonse, kutsogolo. Kenako holo yonse inakweza manja kumwamba. Inatang'adza miyendo, kutsika, n'kukoka uta. Agogo ena achizungu ovala sikipa ya pinki anatong'olera galasi maso n'kuliponyera chibakera. Dalitso anakhala pampando wapulasitiki n'kugwira kumutu.

Mayi Wong anatiuza kuti ambiri amangoti taichi, koma amenewa dzina lake ndi baduanjini, zigawo zisanu ndi zitatu zimene iwo anaphunzira kwa agogo awo. Anatifotokozeranso, akuseka, mmene a Mbewe anayambira. Anabwera okha pa basi n'kukhala kumbuyo milungu ingapo, manja atapinda, osavula jekete. Anafunsa kumene amafukizira lubani. Anafunsa nthawi ya chopereka. Tsiku lina anapezeka atatsegula kabati ya m'holomo, mmene anapezamo ketulo ndi makapu. Mayiwo anatopa nawo n'kuwauza kuti mpandowo ukufunika ndi wina, ngati akufuna kupitiriza kufufuza afufuze ataimirira. Kuyambira tsiku limenelo a Mbewe anaima nawo pamzere.

Lamulo la Mayi Wong kwa anthu a mawondo linali limodzi, ndipo ankalibwereza akugogoda bondo la munthu ndi chala. Potsika, bondo lisapitirire zala za kuphazi ndipo lisagwere mkati, apo ayi ukudzivulaza. Ankati usakhulupirire mmene ukumvera, uyang'ane pagalasi. Mawu amenewa ndi amene anawagula a Mbewe, chifukwa anali asanamvepo mphunzitsi wouza anthu kuti asakhulupirire. Tsono kunyumba kwa Dalitso galasi lofika pansi, loonetsa munthu mpaka kumapazi, linali limodzi lokha, chitseko chija makatani akatsekedwa. Uta uja ndi zibakera zonse zija zinkaloza nkhalamba ya m'galasimo.

Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chimene ankachitira zimenezi mbandakucha ngati wakuba.

"Mumafuna apongozi andione nditavala kabudula, nditatang'adza miyendo pabwalo pawo?" anatero. "Ndinkadzuka iwo asanadzuke kuti ndiwasungire ulemu."

"Nanga osandiuza ine, adadi?" anafunsa Dalitso ali kumpando wakumbuyo.

"Ndikuuze kuti mawondo afika pofuna thandizo, iwe ndodo uli nayo kale m'manja? Ndiponso mawu ndinalavula pagulu kutchalitchi aja ndikanawatola bwanji?" Anayang'ana panja. "Tikiti ya kumudzi ugule. Nyumba imene ndatchulidwiramo dzina limenelo sindingakalambiremo."

Esinati ataona vidiyo ya kuholo imene Dalitso anajambula, analira tsiku lonse. Koma kwathu kunamizira munthu ufiti sikutha ndi misozi kapena pepani wapakamwa, pamafunika nkhuku. Dalitso anafunsa ngati ya m'firiji ya kusitolo ingachite, ndipo ine ndinamufunsa ngati akufuna bambo ake anyamuke tsiku lomwelo. Ndinayenda m'timafamu ta kuseri kwa Midland mpaka ndinapeza mzungu amene anandigulitsa thadzi lamoyo, atandilumbiritsa kuti ndikalisamala bwino.

Loweruka masana a Mbewe anakhala pampando wawo pabalaza, atavala jekete ya paulendo, sutikesi ili pomwe paja. Esinati analowa, mimba ili kutsogolo, n'kugwada pamatailosi patali ndithu ndi mpandowo. Mwambo unafuna kuti ndilankhule ndine, koma anayamba yekha, ndipo aka kanali koyamba kumumva akulankhula ndi apongozi ake mawu opitirira moni.

"Bambo, ndinalakwa. Ndinachita mantha chifukwa cha mwanayu, ndipo ndinaipitsa dzina lanu kwa anthu. Chonde musapite. Mwanayu adzafuna agogo ake."

Ndinapereka nkhuku. Madala anailandira n'kuitambasula phiko ili ndi ilo, kuiyang'ana m'maso ndi kumapazi, mpaka ndinayamba kuopa kuti aikana. Kenako anati, "Ndamva," n'kuipereka kwa Dalitso. Za kukhala kapena kupita sananene. Chingwe cha kumiyendo chinali chitamasuka pa chipikishenicho, ndiye nkhuku inapulumuka m'manja mwa Dalitso n'kuthawira kukhitchini, iye ali pambuyo.

Esinati anafuna kudzuka koma zinakanika. Anagwira pansi ndi dzanja, kuyesanso, n'kubwerera pamawondo akupuma mwawefuwefu. Ndinayamba kunyamuka, koma a Mbewe anandiletsa ndi dzanja. Anaimirira, kuyenda mpaka pamene panali mtengwa wawo, n'kuika mapazi motalikirana. Anatsika pang'onopang'ono, msana uli wowongoka, ndipo ndinawaona akuponya diso pamawondo awo kuona ngati sanapitirire zala. Anamugwira m'zigongono. Mawondo analira ngati nkhuni zouma, koma anakwera naye mpaka onse awiri anaima.

"Pepani amayi, ndakukhudzani," anatero, maso ali kumbali.

Dalitso anatulukira ndi nkhuku kukhwapa, nthenga zili pamalaya.

"Iwe, sutikesi ija ikutchinga njira," anatero bambo ake. "Amayiwa angapunthwe nayo. Kaibweze pamwamba pa wadilopu."

Musaganize kuti a Chipikisheni anasintha. Kamera ya kuseri analamula kuti ichotsedwe, ndipo anaima pansi pa makwerero mpaka Dalitso anawapatsa m'manja. Pachitseko chagalasi chija sanaimeponso, ngakhale Esinati anatuma mwamuna wake kukanena kuti ali omasuka. Anasamukira kumbali kwa shedi, koyang'anizana ndi mpanda wamalata, kumene sankadziona. Patapita masiku, galasi lalitali linapezeka litakhomedwa pakhoma la shediyo, ndipo palibe amene ananena kuti wagula ndani. Madala analimasula, kuchotsa thabwa lakumbuyo kuti aone ngati mulibe kamera, n'kulibwezera, kabawuti kamodzi katawasowa mumchenga. Kutchalitchi sanabweze mawu awo aja. Ankangoti zimene amachita kuholoko ndi zofufuza, ndipo kafukufukuyo sanathe. Koma chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti anthu amene anathamangitsana ndi vidiyo yoyamba ija, yachiwiri ya kuholo ambiri anati sinatseguke m'mafoni mwawo.

Tadala anabadwa bwinobwino, ndipo chipongozi chinabwerera m'malo mwake, tebulo losiyana, moni wa pakhomo, kupatula chinthu chimodzi. M'mawa uliwonse Esinati akagwada ankafunsa yekha kuti mawondo agona bwanji, ndipo iwo ankayankha, nthawi zina motalika kuposa mmene munthu wothamangira shifiti angafunire.

Unawatenga ndi mtima, osati mawondo. Tsiku limene anadwala anayenda okha kukakwera ambulansi, atawauza kaye anthu a ambulansiwo kuti awaonetse ziphaso zawo. Kunyumba ya okalamba sanagoneko. Ndimawasowa madala aja. Mapeyala otsala masiku ano ndimangowasiya pamsika, poti kupatsa munthu amene angolandira n'kuthokoza sikundikomeranso.

Loweruka lachikumbutso lija Mayi Zulu ndinangowadutsa. Ndinasiya tiyi pa sinki n'kutulukira kuseri. Pansi pa denga patsala timabowo pamene panali kamera. Kumbali kwa shedi kapinga wamera ponseponse kupatula malo awiri a mchenga otalikirana ngati mapewa a munthu, ndipo akayamba kulowerera m'mbali Esinati amamuzula. Galasi likadali pakhoma, lapendekeka pang'ono kungodya yopanda bawuti, koma ndi lopukutidwa bwino. Limaonetsa mpanda wamalata ndi mandimu a mzungu uja, amene pempho lake silinafikebe. Makatani a chipinda chogona anali otsegula mbali zonse. Esinati anandipeza ndikuwayang'ana, ndipo anandiuza kuti apongozi ake sanawaonepo ndi maso akukoka uta. Zaka zonsezo ankasiya makatani otseka m'mawa mpaka amve chitseko cha kukhitchini chikulira, kusonyeza kuti alowa. Tsopano amawatsegula kukangocha, ndipo panja amangoona galasi, mpanda, ndi malo awiri a mchenga aja.